Chilimwe si verão, a Mkonzi

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa kadanga pa tsamba lanu la makalata. Ndineneretu kuti ine si mphunzitsi, ndipo sukulu sindidapite nayo patali. Ndine mayi wa geni. Ndimapikula mbatatesi, tomato ndi kabichi kwathu kuno ku Angónia n'kukagulitsa kumsika mumzinda wa Tete, ndipo msewu umenewu ndauyenda zaka zoposa 20, moti dzenje lililonse ndimalidziwa ndi msana ngakhale ndili m'tulo. Kulemba Chichewa ndidaphunzirira ku Dedza, kumene tidathawira nkhondo mu 1986 ndili kamtsikana, n'kubwerako mu 1993 mfuti zitaleka kulira. Mukaona pena chikutsimphina mundikhululukire.

Chandilembetsa ndi tsamba la ana limene mudatulutsa masabata apitawa, lija la mawu a m'chilimwe. Adabwera nalo ndi mdzukulu wanga wa kalasi 4, atalidula bwinobwino ndi lezala, chifukwa kusukulu adawapatsa ntchito yoti alembe nyengo zinayi za pachaka m'Chipwitikizi, kenaka m'chilankhulo cha kunyumba. Patsambapo mudajambula kamwana katagona pamchenga m'mbali mwa nyanja, pambali pake ambulera wamawangamawanga, magalasi akuda ndi ayisikilimu. Pansi pake mudalemba kuti chilimwe chimayamba pa 21 Disembala n'kutha mu Malichi. Mwanayo adakopera zonse, ndipo m'kope mwake mudalembedwa kuti verão ndi chilimwe, inverno ndi dzinja. Adadzandionetsa akunyadira. Ndidawerenga kawiri, n'kumufunsa kuti, "Iwe, mawa lake la Khirisimasi chaka chatha tidali kuti?" Adati tidali kumunda, tikupalira. "Nanga popita kutchalitchi pa Khirisimasipo udavala chiyani kumapazi?" Adaseka, chifukwa nsapato zake zatsopano adazinyamula m'manja kuopa matope. "Ndiye matope aja adali a chilimwe?" Mwana adangoti kakasi, maso pa pepala lanu, maso pa ine, kusowa woti amukhulupirire pakati pa nyuzipepala ndi anganga ake ogulitsa tomato.

Ndiye ndati mlanduwu ndiubweretse pabwalo. Disembala, Januwale, Febuluwale mpaka Malichi kuno ndi dzinja. Ndi nthawi ya mvumbi, ya bowa ndi nkhwani, ya udzudzu ndi malungo, nthawi imene m'nkhokwe zambiri mumakhala muli mbee ndipo mwana amayang'ana chimanga chikutulutsa ngayaye ngati angachiuze kuti chifulumire. Mu Januwale 2022 namondwe uja adamutcha Ana adadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize udaduka, ife a geni n'kuona zakuda. Tikatsata pepala lanu, madzi amene adadula mlathowo adali a pakatikati pa chilimwe. Kanenenitu zimenezo pamaso pa nkhalamba ya ku Domué, muone ngati siikufunsani kuti mwamwa wa kwa yani.

Sindikuti amene adalemba tsambalo ndi mbuli, ayi. Kuphonya kumeneku n'kwakale, ndipo gwero lake ndidalimvetsa tsiku lina ndikucheza ndi mwana wa achimwene anga amene adakaphunzira ku Portugal. Iye adati kumeneko verão amayamba mu Juni n'kutha mu Seputembala, ndipo miyezi imeneyo ku Lisboa kumatentha, mvula siigwa kwenikweni, udzu umauma. Mvula yawo imagwa pa inverno, kukuzizira. Ine ndikuganiza kuti munthu wa kumeneko atafika kuno adafunsa dzina la nyengo yotentha ndi youma, anthu n'kumuuza kuti chilimwe; atafunsa ya mvula, adamuuza kuti dzinja. Mpaka pamenepo padalibe bodza. Zidasokonekera pamene wina adatenga mawu athuwo n'kuwamata pa kalendala. Ife tili chakummwera kwa dziko lapansi, kumene mabuku amati verão amayamba pa 21 kapena 22 Disembala, tsiku limene usana umatalika kuposa masiku onse. Koma kwathu usana wautaliwo umabwera pamodzi ndi mvula. Motero verão wa m'buku amagwera pa dzinja lathu, ndipo inverno wa m'buku, Juni mpaka Seputembala, amagwera pa chisanu ndi kuyamba kwa chilimwe. Mwana wavala nsapato mophonya, ya kumanja kumanzere, ife n'kumamuwombera m'manja kuti watchena.

Ngakhale a INAM, amene ntchito yawo n'kuona zanyengo m'dziko lathu lino, akamalankhula ndi alimi sagawa chaka panayi ngati m'buku la mdzukulu wanga. Amanena za nyengo ya mvula, Okutobala mpaka Malichi, ndi nyengo youma. Ngati eni ntchitowo amasiya primavera ndi outono, nyengo zina ziwiri za m'Chipwitikizi zija, pakhomo akamalowa kumunda, ife tikuzikakamiriranji?

Zathu nazo n'zinayi, koma malire ake ali pena. Dzinja likatha kumabwera masika, nthawi ya mondokwa, maungu, nzimbe ndi mtedza wauwisi, pamene ngakhale galu wa pamudzi amasalala. Kenaka chisanu, Juni ndi Julaye, ndipo chisanu cha ku Tsangano musachimvere kwa wina: m'madambo mame amaundana, masamba a mbatatesi n'kuda ngati awauka ndi moto. Anganga anga chisanucho ankangochiwerengera kumodzi ndi chilimwe, ati mvula ikangosiya basi chilimwe chayamba. Amayi ankati ayi, chilimwe chenicheni n'choyamba ndi mphepo ya Ogasiti. Awiriwo adatisiya asadagwirizane. Koma palibe mwa iwo amene akadalola kuti Januwale akhale chilimwe.

Chimene chimapanga chilimwe si kutentha kokha, n'kuuma. Ndipo ine m'mawu amenewa ndimamvamo kulima, monganso mmene ena amanenera kuti malimwe, pakuti ndi nthawi imene khasu limabwerera kumunda mvula isadagwe. Mukadafuna mawu a m'chilimwe oti ana aphunzire, mukadayamba ndi kusosa, kuchotsa mapesi ndi zitsamba zouma m'munda. Mukadatsatiza kugalauza, kuphwanya mizere yakale n'kuunga yatsopano, dothi lili gwaa, khasu likudumpha m'manja, zibuma zake ngati mitu ya ana. Ntchito imeneyi timailawirira m'bandakucha, kuti dzuwa likamakwera tikhale tikuweruka. Amene amati ndiyamba mawa ndi uja timamuimbira kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, chifukwa mvula imamupeza munda uli chikhalire. Palinso dimba, kumene kumachokera tomato ndi kabichi amene ine ndimadyerapo, kuthirira m'mawa ndi madzulo mpaka msana kuuma. Pali kuumba njerwa, kuziyala padzuwa, kumanga uvuni n'kuchezera usiku wonse kusonkhezera. Pali kumweta udzu, kufolera, kuzira nyumba. Kamwana kanu kogona pamchenga kaja, kwathu kuno kakadafunsidwa kuti kodi kakudwala.

Mukadalembaponso lupsa. Tchire likauma, moto n'kudutsa, malo akuda aja otsala phulusa lokhalokha ndiwo lupsa. Anyamata amaswera komweko ndi makasu kukumba mbewa, madzulo n'kubwera nkhope zili bii, mano okha mbee, mbewa zitapanidwa pa mpani. Pa nkhani ya moto yokhayi mwambo sindiuikira kumbuyo. Chaka china moto wa osaka mbewa udalowa m'mudzi n'kutentha mitolo ya udzu imene alamu anga adamweta mwezi wathunthu, pamodzi ndi khola la nkhunda. Mbewa zake sizidakwane ndi mpani umodzi womwe. Koma liwulo ana alidziwe, chifukwa popanda lupsa sangamve liwu lina limene ndifikepo kutsogoloku.

Lupsa likakhalitsa, kumwamba kusadagwe ngakhale dontho, mitengo ya mombo ndi mitondo imatulutsa masamba atsopano, ena ofiira ngati magazi, ena ngati uchi, phiri lonse n'kuchita ngati lavala chitenje chatsopano. Imeneyo ndi mphukira. Mtengo umaphuka pa nthawi yomwe chitsime chikuphwa, amayi akufukula mchenga mumtsinje kutsata madzi. Anganga ankati mtengo umamva fungo la mvula ikadali kutali. Kunsi kuchigwa kuli wina wochita zakezake, msangu, umene umavala masamba m'chilimwe n'kuvula m'dzinja anzake akamabiriwira. Mbuzi zimaudziwa, masana zimakaunjikana pansi pake kudikira kuti nyemba zake zigwe.

Ndiye pali nyenje. Mu Okutobala zikayamba kulira masana, phokoso lake limalowa m'mutu ngati waya, ndipo zikangoti zii mwadzidzidzi mpamene umazindikira kuti udali utaluma mano. Tili ana tinkazigwira ndi ulimbo pansonga ya bango lalitali n'kukazikazinga. Pali kamvuluvulu, amene amadzuka pabwalo popanda womuitana, n'kunyamula mapesi, mapepala ndi ufa woyanika pa mphasa, fumbi lili koboo. Ife tinkamuloza ndi chala chaching'ono kuti akhote, poti ankatiuza kuti mkati mwake mumayenda mfiti. Pali masuku, amene amayamba kugwa chilimwe chikamapita kumapeto, ndi mango osakhwima amene ana amadya ndi mchere mpaka mano kuyayamira. Onsewa ndi mawu a m'chilimwe, ndipo palibe ndi limodzi lomwe limene lidapezeka pa tsamba lanu.

Za miyambo sinditalikitsa, mukuzidziwa. Chinamwali, ziliza, maukwati, mowa wa masese, zonse zimadikira chilimwe, chifukwa chakudya chilipo, njira n'zouma ndipo kumunda kulibe chothamangira. Ndi nthawi imene kudambwe kumatuluka zilombo, Gule Wamkulu uja amene a UNESCO adamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi. Kumapeto kwa Ogasiti mafumu ndi anthu awo amanyamuka kuno kupita ku Mkaika, ku Katete, kukachita Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni athu nawo ngoma amaipondaponda pa bwalo louma. Paja amati pagule fumbi ndiwe mwini. Fumbi limenelo mu Januwale mungalipeze kuti?

Tsono chimene ine ndimadziwa kuposa anzanga okhala pamudzi n'chakuti m'chigawo chathu chino chilimwe chili pawiri. Lole yathu imanyamuka ku Ulongué dzuwa litalowa, dala, kuti tomato asaone dzuwa panjira. Ngakhale mu Okutobala ndimakwera nditavala juzi, chifukwa kwathu n'kumtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku mphepo imaluma. Tikafika pa mphambano ya Mussacama, pamene timalowa msewu wochokera ku Zóbuè, juzi ndimavula n'kukhalira. Kuchoka apo msewu umangotsetsereka. Mitengo imasintha, mombo amatha, kumayamba tsanya ndi milambe yoima chiimire yopanda tsamba. Pofika ku Moatize, pakati pa usiku penipeni, mphepo yolowa pawindo imakhala ngati wina watsegula uvuni, yosakanizika ndi fumbi la malasha. Anthu amakhala atagona panja, pa mikeka, m'makonde a masitolo, ena pamwamba pa katundu wa malole. Ndi makilomita 200 ndi kanthu chabe, koma ukamatsika pa lole umakhala ngati walowa dziko lina.

Mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kupyola madigiri 40 si nkhani yoti munthu angaimikire mnzake panjira. Pofika 9 koloko tomato amene adali wolimba ku Ulongué amakhala atayamba kufewa. Ndimafunditsa dengu ndi chiguduli chonyowa, ola lisadathe chiguduli chauma gwaa, ndinyowetsenso, madzi akenso ogula. Kabichi amafota masamba akunja, ndimasenda, amafotanso, ndimasendanso, mpaka mutu umene udali ngati wa munthu wamkulu utsala ngati nkhonya. Madzulo mtengo ndimatsitsa ndekha wogula asadanenerere. Phula la pamsewu limafewa mpaka patapata kumatirira, ndipo ukayang'ana kutsogolo msewu umachita ngati uli ndi madzi. Nkhuku zogulitsa zimangoti kukamwa yasa, mapiko zitatambasula. Amene amalemera miyezi imeneyi ndi ana ogulitsa madzi oundana a m'timajumbo. Iweyo ukagula, theka kumwa, theka kudziika pakhosi. Mtsinje ndi uwo uli poteropo, wodzaza chaka chonse chifukwa cha damu la Cahora Bassa, koma kamwana kanu kaja sindingakalangize kukagona m'mbali mwake, ng'ona za mu Zambezi sizidziwa tchuthi.

Kumeneko ndi kumene ndidazindikira kuti kutentha tili nako ndi mawu ambiri. Kukati kwafunda, ndiye kwabwino, wachotsa bulangeti basi. Kukati kwatentha, wafuna mthunzi. Dzuwa likamawamba, khungu likumva ngati nsomba ya pa moto. Likamaswa mtengo ndiye masana aja amene ngakhale mbuzi siiyenda, munthu thukuta lili kamukamu, kupuma kuli wefuwefu. Kupyola apo timati kutentha kwa mnanu. Koma chimene chimasowetsa mtendere kwambiri ndi chifundizi, kutentha kwa usiku mvula ikayandikira, mphepo itaima, mitambo itaunjikana koma osagwetsa kanthu, mkeka ukumatirira kumsana. Chifundizi chikafika akuluakulu sadandaula, amangoyang'ana kumwamba n'kufunsa ngati mbewu zasankhidwa. Anzanga a Chinyungwe kumsika ali ndi liwu lawo, kaluma, ndipo nyengo ya mvula amati mainza. Iwonso amaseka ndikawauza za pepala lanu. Adzukulu athu onse, a Chinyanja ndi a Chinyungwe omwe, pa zonsezi atsala ndi liwu limodzi la Chipwitikizi: calor. Kufunda calor, mnanu calor, chifundizi calor.

Kumayambiriro kwa Novembala kuli masiku amene masana enieni mthunzi wa munthu umabisala kumapazi. Ndowa ukaiika pabwalo siikhala ndi mthunzi mbali iliyonse. Timanena tsiku lililonse kuti dzuwa lili paliwombo, koma masiku amenewo limakhaladi paliwombo. Mwana wa achimwene uja adandiuza kuti m'dera lathu zimachitika kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. La Febuluwale sitilimva kwenikweni chifukwa mitambo imatitchinga, ndipo nthaka yonyowa ndi masamba zimamwa kutenthako. La Novembala limapeza kumwamba kuli ngwee, nthaka ili gwaa, palibe cholibweza. N'chifukwa chake kuno kutentha kumafika pachimake mvula isadayambe, verão wa m'buku uja asadafike n'komwe. Ikagwa mvula kumtunda kwathu kumayamba kupepukako, pamene buku likuti kutentha kwangoyamba.

Mwina mukuti mayi ameneyu akulimbana ndi mawu chabe, chimanga chimamera ngakhale nyengo uitche dzina lina. Imvani izi. Mkamwini wanga adakulira m'tauni, munthu waulemu, wolimbikira, Chipwitikizi chake chosalala. Atakwatira mwana wanga adabwera kudzakhala kwathu, tidamupatsa munda. Chaka chake choyamba adasosa, adagalauza, adagula mbewu ya m'sitolo ndi ndalama zimene adasunga miyezi ingapo. Pakati pa Okutobala tsiku lina masana kudachita bii, mabingu, mvula ya mphamvu pafupifupi ola lathunthu. Fungo lija la dothi louma likalandira madzi lidadzaza mudzi, ana akuvina pabwalo ali maliseche. Iye adali atamva kuti nyengo ya mvula imayamba mu Okutobala, ndiye adati basi yafika. M'mawa mwake ndidamuona akutsika ndi thumba la mbewu paphewa.

Ine ndi apongozi ake, sindikadamuimika panjira n'kumulangiza pamaso. Ndidaitana mwana wanga kuseri kwa nkhokwe. "Kawauze amuna ako kuti imeneyi ndi chizimalupsa." Adapita, adabwerako. "Amayi, akuti m'mera mpoyamba." Ndidati chabwino, mwambi auloweza. Atsibweni a mwanayo adapitanso okha kumunda, adatema khasu kamodzi pa mzere n'kumuonetsa: pamwamba ponyowa ngati zala ziwiri, pansi pake fumbi. Mkamwini adathokoza mwaulemu n'kupitiriza kubzala. Kwa iye chizimalupsa lidali liwu lokometsera chabe la nkhalamba, sadamve kuti liwulo likunena ntchito ya mvulayo, kuti yabwera kudzazima lupsa, kutsuka phulusa ndi kugoneka fumbi, kenaka n'kupita. Ena amati kokalupsa. Mbewu idamera bwino, mizere yonse timasamba tiwiri tobiriwira, iye n'kumayenda m'munda manja kumbuyo. Dzuwa lidabwerera. Masabata atatu kumwamba kudali ngwee. Timasamba tija tidapotana ngati singano, kenaka tidauma, ukatigwira n'kumafumbutuka m'manja. Mvula yobzalira idadza kumapeto kwa Novembala, ija imagwa usiku wonse, m'mawa ngumbi zitatuluka, achule akulira kudambo, abongololo ali balala panjira, khasu likalowa lonse n'kutuluka ndi dothi lonyowa. Adabzalanso ndi mbewu ya m'nkhokwe mwanga. Sindidanene kanthu. Lero iye ndi amene amaletsa anzake, ndipo liwulo amalitchula bwino kuposa ine.

Ndiponso dzuwa likawala m'dzinja silisanduka chilimwe, lili ndi dzina lake. Mu Febuluwale 2024, chaka chija cha El Niño, mvula idadula chimanga chili pafupi kumasula, ndipo m'madera ambiri a chigawo chino chidapserera chiimire. Kudatentha ngati Okutobala, koma palibe mlimi adati chilimwe chabwerera. Tidati ng'amba. Ng'amba ikakula n'kudya chaka chonse, ngati mu 1992 tili kuchilendo, timati chilala. Dzuwa la chilimwe timaliyembekezera, timaumitsira njerwa ndi mfutso. Dzuwa la ng'amba timalilira. Mwana amene mwamuphunzitsa kuti Febuluwale ndi chilimwe, mudzamufotokozera bwanji chimene amake akulirira?

Papita zaka zoposa 20 chiyambireni kuphunzitsa ana m'zilankhulo zathu m'sukulu zina za dziko lino, ndipo ine ndidakondwa nazo. Ife a nthawi ija Chinyanja tinkachisiya pa chipata cha sukulu ngati galu. Mabuku a kuno amalemba cilimwe, cisanu, opanda h, pamene ine ndidazolowera kalembedwe ka ku Dedza. Mdzukulu wanga amandikonza, ine ndimamusiya, imeneyo si nkhani. Koma ngati Chinyanja cholowa m'kalasi chikhala Chipwitikizi chovala chitenje, mawu athu koma kalendala ya eni, ndiye tapindulanji? Chipwitikizi ndilibe nacho chifukwa, ndimagulitsira tomato tsiku ndi tsiku. Mwana aphunzire verão, adziwe kuti ku Lisboa ndi Juni, ku Maputo ndi Disembala, akakhoze mayeso. Liwulo lisiyeni likhale verão momwemo, monga tidasiyira shapa kukhala shapa ndi metikali kukhala metikali. Musalibwereke dzina la chilimwe, mwini wake alipo.

Pempho langa ndi lakuti tsamba lija mulibwereze. Kamwanako mukachotse pamchenga, mukapatse khasu laling'ono kapena bango logwirira nyenje. Ndipo musadalire ine ndekha, mawu anga ndi a ku Domué ndi a mumsewu wa ku Tete. Tumani mtolankhani akakhale pansi ndi nkhalamba za ku Furancungo, ku Chifunde, ku Tsangano, afunse kuti mphepo ya Ogasiti amaitcha chiyani, mvula yoyamba amaitcha chiyani, nanga mbalame zimene zimalosa mvula ndi ziti. Achibale athu a kutsidya kwa malire ndidawamvapo akuti mwamvu ponena nyengo youma. Kwathu liwulo silimveka kawirikawiri, koma liyenera kulowa nawo. Apite msanga, chilimwe chino chisadathe, chifukwa mvula ikagwa nkhalambazo sadzazipeza pakhonde.

Za mdzukulu uja, adafufuta. Pa verão adalemba dzinja, pa inverno adalemba chisanu, ndipo m'munsi adawonjezera yekha kuti chilimwe chilibe mnzake m'Chipwitikizi. Kope lidabwerako lili ndi chizindikiro chofunsa chofiira, ndi uthenga woti Lolemba apite ndi amene adamuuza zimenezi. Lole inyamuka usiku uno, ndibwerako Loweruka. Lolemba ndipita, ndipo aphunzitsiwo ndiwatengera kambale ka masuku.

Ine wanu,
NaPhiri wa geni ya tomato,
Ulongué, Angónia